Mmene Ndinawolotsera Apongozi Nyanja Yamchere Chofulatira

Ndikulumbira pali Mulungu wakumwamba, pali manda a amayi anga ku Mphuka, pali dzanja ili lomwe latchola tiyi wochuluka kuposa tsitsi la m'mitu mwanu nonse amene mwausa mvula mushedi muno, kuti m'zimene nditi ndinenezi mulibe bodza ngakhale lotalika ngati mwendo wa nyerere, ndipo ngati lilimo, mphezi ikung'animayi isiye mabulugamu onse a pa esiteti ino ibwere idzanditole ine ndekha pakati panupa, inu isakuwauleni ndi nsidze zomwe. Mwaimva? Yagunda, yandiona, yapita. Tsono amene akudziwa kuti mtima wake ndi wokayika atuluke akanyowe, chifukwa ine Dayitoni Mukhwapa sinditsutsana ndi munthu amene madzi aakulu omwe anawaonapo chibadwire ndi damu la kufakitale.

Ine ndinawoloka nyanja yamchere. Sindikunena Ruo, sindikunena Thuchila, ndikunena nyanja yeniyeni imene tsidya lake umachita kumva kwa anthu, ndipo ndinaiwoloka pa chombo cha matabwa choyendera mphepo, chopanda injini ngakhale ya chigayo, ndili ndi apongozi anga aakazi, kupita ndi kubwera, osawayang'ana kumaso ngakhale kamodzi. Mukumva?

Inu a masiku ano amene mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu n'kumajambulana nawo pa foni mutakolekana manja m'khosi simungadziwe kulemera kwa mawu amenewa. Masiku athu mpongozi anali ngati dzuwa: umadziwa kuti lilipo chifukwa likukuwotcha, koma suliyang'ana. Sumukhudza, sukhala naye pafupi, sudya iye akuona, ukafuna kumuuza kanthu umatuma wina, ndipo mukakumana panjira umalumphira kutchire osafunsa kuti kuli chitedze kapena mphiri. Ine tsiku lina ndinathawira m'munda wa tiyi wa kuseri kwa fakitale, apongoziwo anakhala pansi panjira pomwepo kuzula minga kuphazi, kunabwera mnzawo, anayamba kukambirana za maliro a chaka chatha, ine ndinagona pansi pa tiyi masiku atatu mpaka nthambi zinandimera m'khwapa, otchola atafika pa layini imeneyo wina ananditchola nsonga ya khutu n'kuiponya m'dengu, inakwera sikelo, inapita kunja kwa azungu, anaimwa ndi mkaka, ndipo amene akufuna abwere ayeze yekha, khutu lakumanzereli n'lalifupi.

Nthawi imeneyo nkhondo ya ku Mozambiki inali itangotha, ine ndili pachikamwini kwa Khwethemule, kwa mkazi wanga Elube, mwana mmodzi ali kumsana. Elube ndinkamukonda mwakuti ndikamuganiza pantchito dengu limadzaza lokha. Koma amayi ake sanandifune chiyambire. Ankauza anzawo kuchitsime kuti mkamwini wotchola tiyi ndi mbuzi yovala kabudula, ntchito yake kubudula masamba, ndipo mtima wawo unali pa dalaivala wina wa thilakitala, wamagalasi akuda, amene nthawi zonse akafika pakhomo pathu thilakitala yake imayamba kutsokomola, iye n'kutsika kudzapempha madzi.

Ndiye kunabwera uthenga wochokera kumunsi. Akulu awo a apongozi, amene anatsala ku Mozambiki makolo akubwera kuno kudzafuna ntchito, anapezeka kuti ali moyo pa chilumba china kutsogolo kwa Kilimane, okalamba mpaka mano anatha n'kumeranso n'kuthanso, ndipo manda anawakumbira kale, nsalu anagula, oimba nyimbo anasasa mawu n'kuyeserera, koma iwo akana kufa mpaka atadya kalongonda wophika mng'ono wawo. Apongozi anamanga nsalu m'chiuno kuti ndikupita. Owaperekeza ndani? Achimwene awo a Mulimba, amene analinso nkhoswe ya ukwati wathu, anati mwendo wawo sugwirizana ndi mchere. Ana awo aamuna onse anadwala malungo tsiku limodzi. Ndiye maso onse anagwera pa bulu wa pamudzi, ine mkamwini.

A Mulimba anandiitanira pansi pa mango, osazungulira. "Mkamwini, achemwali angawa mupite nawo, mubwere nawo athunthu. Akadzangodandaula kamodzi kuti munawayang'ana, kaya munawakhudza, kaya munawachita chipongwe chilichonse, mudzapeza bulangete lanu titakumangirani kale, mudzangopitirira ulendo wa ku Mphuka. Elube ndi mwana ndi athu." Ku Mphukako ine ndinalibe ngakhale pobzala tsabola. Ndinangowomba m'manja.

Pamtunda panalibe vuto, chifukwa msewu ndi wautali, umakwana anthu awiri. Ine ndinabereka dengu langa lomwelo lotcholera tiyi, m'kati muli thumba la kalongonda, mphika, mphasa ndi nkhuku yathadzi yokapatsa odwala, ndipo ndinkatsogola patali mwaulemu, mwakuti ine ndikamalowa Mukuba iwo amakhala akutsanzika ku Milanje. Popuma ndimawadikira, ine kuseri kwa chulu, iwo kuseri kwa mtengo, nkhuku pakati, chifukwa wotuma wina panalibe. Ine ndimati, "Nkhuku iwe, uwauze kuti kutsogoloku kuli mlatho wothyoka." Iwo amati, "Nkhuku iwe, umuuze kuti wauthyola ndi iyeyo." Nkhukuyo pofika kunyanja inali itaonda ndi mauthenga.

Koma titafika pagombe n'kuona chombo chake, ndinatula dengu pansi n'kuchiyeza ndi maso. Abale anga, kutalika kwake kuchoka pasikelo apa kufika pa mgolo uwo basi, matabwa okhaokha, m'mipata atamata thonje ndi mafuta a nsomba, pakati paima mtengo umodzi umene amati mlongoti, pamenepo apachika mtengo wina wautali chopendekera, wokhala ndi chinsalu cha ngodya zitatu chazigamba kuposa thalauzi la mlonda, ndiye thanga limenelo. M'katimo munali matumba a mchere, kokonati, nsomba zouma, mbuzi zisanu ndi ziwiri, njinga, bedi lachitsulo la munthu wina wokakwatira, ndi anthu opanikizana mwakuti wina akayetsemula amapukuta mphuno ya mnzake. Ndinapita kwa mwini chombo, bambo wandevu zofiira wovala mkanjo, amene chilankhulo chake chimamvana ndi Chilomwe chathu ukatchera khutu bwino, ndinamupempha mwaulemu kuti atipatse zombo ziwiri, china cha ine, china cha apongozi. Anaseka mpaka chipewa chake chinagwera m'madzi.

Ndiye tinagwirizana kudzera mwa nkhuku kuti iwo akhale kumbuyo kwenikweni aziyang'ana kumene tikuchokera, ine ndikhale kumphuno kwa chombo ndiziyang'ana kumene tikupita. Nzeru yabwino, eti? Inagwira ntchito mpaka pamene mtunda unabisika. Chimene sindinkadziwa n'chakuti chombo chamatanga sichiyenda molunjika ngati lole, chimayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku kachasu, ndipo chikati chikhote amalinyero amakuwa, amasula zingwe, aimika mtengo wautali uja, auzungulitsa kutsogolo kwa mlongoti pamodzi ndi thanga lake, ndiye anthu onse, ndi mbuzi zomwe, amathamangitsidwira mbali imodzi kuti chombo chisagubuduke. Mbali imodzi! Ine ndi apongozi phewa ndi phewa! Mukumva?

Kukwera pamlongoti sikukanatheka, chifukwa kukhala pamwamba pa mutu wa apongozi ndi mlandu wosaweruzika. Kutsalira mbali inayo mwini chombo anakana. Ndiye ndinaona kuti malo okhawo aulemu ndi pansi. Akangokuwa kuti tikukhota, ine ndimavula chipewa, kusungitsa mbuzi, kudziponya m'madzi chafutambuyo, kukakamira kunsi kwa chombo ndi zala zakuphazi, kukhala pamenepo ngati nkhupakupa mpaka anthu atabwerera m'malo mwawo, kenako ndimavuuka kumphuno kuja, ndipo tsiku loyamba ndinamira kokwana makumi anayi, lachiwiri ndinasiya kuwerenga, lachitatu nkhono zinandimera kumsana, nkhanu inamanga banja m'thumba la malaya, ndipo nsomba zina zinayamba kundipatsa moni wotchula dzina. Chakudya ndinkadyera komweko, poti pamwamba apongozi akanandiona ndikutafuna, ndipo ubwino wake mchere sumafunika kupempha. Kusambira sindinkadziwa. Ndinaphunzira nditabwerako, m'damu.

Tsono pali nkhani ina imene amayi muli munomu mundikhululukire. Chimbudzi cha m'chombo ndi kabokosi kobooka pansi, kolendewera kunja, kumbuyo kwenikweni. Kumbuyo kwenikweni kumene kunakhala ndani? Ndiye ine ndinadzigwira, osapitako. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachinayi, ndili gwa, maso ali psuu, mimba inauma ngati mwala wa mphero, kulemera kwanga kunaposa mchere wonse wa m'chombomo, mwakuti mwini chombo atazindikira anasiya kuvutitsa anthu, chombo chikapendekera amangoti, "Bweretsani Mmalawi uja," amandigubuduza anthu anayi, chombo chili njo, chawongoka. Pamenepo kumira kuja kunatha, ndinapumako.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi mphepo inafa. Inafa ndithu, yoyenera kuiikira maliro: thanga linagwa ngati lilime la galu, nyanja inasalala ngati simenti ya khonde la manejala, munthu akalankhula mawu amagwera pamapazi ake omwe. Amalinyero anaimba mluzu, anapemphera, anatukwana, anapepesa, koma ayi. Apongozi anatuma nkhuku kuti popeza tangokhala, ayambiretu kuphika kalongonda, akafike ali wakupsa. M'chombo muli bokosi la mchenga lomwe amasonkhapo moto. Anatereka mphika pamenepo.

Inu nonse kalongonda mumamudziwa, palibe Mlomwe woti ndimuphunzitse. Nyemba zimenezija ndi abale ake a chitedze, sizifuna phuma: umaziwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madzi oyamba akuda aja kumudzi timawakumbira dzenje kuseri kwa nyumba, chifukwa galu akangolawa amayenda chagada, munthu akamwa amakacheza ndi agogo ake akumanda. Tsono panyanja dzenje ukumba pati? Apongozi ananyamula mphika n'kukhuthulira m'nyanja. Kawiri. Katatu. Kasanu ndi kawiri.

Abale anga, sipanapite nthawi yoti munthu n'kutsiriza ndudu, nyanja yonse inaledzera. Nsomba zinavuuka mitumitu zikuimba, zina zikuyenda ndi mchira pamwamba pa madzi, zouluka zija zinaiwala kutera n'kupita kukaikira mazira m'mitambo, shaki wina wamano mizere isanu ndi umodzi anatsamira chombo akugwetsa misozi, akupepesa anthu onse amene anawadya, kuwatchula mayina ndi midzi yawo, nkhanu zinapanga bwalo n'kuyamba kuvina tchopa, akamba akuomba ng'oma pa zigoba za anzawo, ndipo nsomba zouma zija za m'matumba zitamva fungo zinadzuka, kudumphira m'madzi, kusambira zili chong'ambidwa choncho, mwini wake akuzikuwira kuti zibwerere. Mukumva? Kenako kunabwera namgumi. Chinsomba chimenecho musachiyerekeze ndi fakitale, fakitale ndi mwana wake wam'manja. Chili ngati phiri la Thyolo litagona chafufumimba, pamsana pake pali mitengo ndi njira zachidule. Chinamwa madzi onse akuda aja kamodzi, chinaima kaye, maso anazungulira, chinageya, ndipo chitaona chombo chathu chinayesa ndi mkazi wake amene anachithawa kalekale. Chinabwera kudzapepesa, kudzikhula pamatabwa mwachikondi, chombo chinaima ndi mphuno, ndipo ine ndili chiyang'anire kutsogolo ndinamva kumbuyo kuti khuvu! Nkhuku inakuwa, anthu anakuwa. Apongozi apita ndi mphasa yomwe.

Amalinyero onse anakana kulowa m'madzi oledzera. Ine ndinaima pamenepo, ndinaona Elube m'maso mwanga, ndinaona bulangete lomanga, ndinamva thilakitala ikutsokomola. Ndiwasiye amire, ukwati watha. Ndiwagwire dzanja, ukwati watha. Nditsegule maso m'madzimo kuti ndiwafunefune, ukwati watha. Wasukulu akanakhala pansi n'kuyamba kuwerengera zala. Ine ndinakhuthula dengu, kulikoleka kumsana, kukhazika nkhuku pamutu, ndipo ndinadumpha chafutambuyo.

Tsono mverani chimene dzanja la wotchola tiyi limachita likapanikizika. Mapazi asanakhudze madzi, manja anayamba okha ntchito imene amaidziwa. Ndinatchola nyanja, abale anga! Funde lililonse lili ndi nsonga, ine ndimatenga ngati masamba a tiyi, awiri ndi kansonga, awiri ndi kansonga, manja onse awiri, kuponya kumsana osacheuka monga timachitira m'mundamu, koma liwiro lake linali loti madziwo samagwera m'dengu, amapitirira kumwamba, kukaunjikana n'kukhala mitambo, mitamboyo inauyamba ulendo wa kuno, ndipo chiperoni chimene mumachitukwana nthawi yozizira mukunjenjemera m'malayini ndi madzi anga amenewo, sanathe kugwa mpaka lero. Ndinatchola kutsika, kutsika, dzenje lozungulira bwino, makoma ake osalala moti kapitawo aliyense akanandivulira chipewa, nsomba zoledzera zikusuzumira m'makomamo ngati anthu pawindo la tchalitchi tsiku la ukwati, nkhuku ili pamutu kundiwongolera, ikajompha kumanja ndikhotere kumanja, ikajompha kumanzere ndikhotere kumanzere, mpaka chidendene changa chinagunda mchenga wouma.

Nkhuku inati kwee, ndipo apo anali, apongozi anga, chikhalire pamphasa pawo pansi pa nyanja, miyendo atatambasula, mthiko uli m'manja, duku lapendekera kukhutu, kankhanu kali lende pamphuno, nkhope atakwinya ngati munthu amene basi yamuchedwetsa. Ine ndinasendera chafutambuyo, kugwada, kupendeketsa dengu mpaka mlomo wake unakhudza mchenga, ndipo ndinati, "Nkhuku iwe, uwauze kuti galimoto yafika." Apongozi ananunkhiza dengulo. Kenako anati, "Nkhuku iwe, umuuze kuti wachedwa, ndipo dengulo likununkha thukuta." Anapinda mphasa yawo bwinobwino, analowa okha.

Nditangoimirira, makoma a madzi aja anatopa kudikira. Anabwerera onse kamodzi kunsi kwa mapazi anga, kutitumphutsa ngati chitsekero cha botolo la thobwa losasa, tinakwera kupyola mlongoti, kupyola nsomba zoikira mazira zija, ndinaona denga la fakitale yathu ino chapatali ndi mlonda akuwodzera pageti, kenako tinayamba kutsika, ndipo ndinatera ndi mapazi onse awiri pabwalo la nyumba ya odwala aja pachilumba, pakati pa oimba nyimbo za maliro, apongozi ali m'dengu osataya ndi mthiko womwe. Chombo chinafika patapita masiku awiri, chikukankhidwa ndi namgumi amene anali asanavomere kuti si mkazi wake, mphika wa kalongonda udakali pamoto.

Odwalawo anadya mbale zitatu, anati mng'ono wawo sanaphunzirebe kuthira mchere, anakangana za mkanda wina umene unasowa iwo ali atsikana, ndipo chifukwa cha mkwiyo anadzuka n'kupita kukalima, m'manda muja anabzalamo nthochi. Ine ndinapempha kuti andilozere tchire lakutali. Sindinena zambiri pamaso pa amayi, koma chilumbacho chinakula mbali ya kum'mawa, ndipo kokonati imodzi ya kumeneko masiku ano amanyamula anthu awiri.

Choipa n'chakuti nkhuku ija anatiphera ife tomwe alendo. Ndinadya mwendo ndikulira kuseri kwa nyumba. Ulendo wobwerera tinauyenda opanda wotuma, mphepo ikutikankha kumbuyo, chombo osakhota ngakhale kamodzi, apongozi ali zii panyanja ponse, zii pamsewu ponse, ndipo ine mumtima ndinkati ndapambana.

Tikufika kwa Khwethemule, ndinapeza bulangete langa lili kale pakhonde, lomanga ndi luzi, khasu lili pamwamba, Elube wakhala pakhomo maso atatupa, mwana ali pamiyendo, ndipo kumsewu thilakitala ikutsokomola. Mbumba yonse inasonkhana pansi pa mango. Ine anandikhazika kuseri kwa nkhokwe, monga mwa mwambo, kuti ndizimva osaona. A Mulimba anafunsa achemwali awo ngati ndinawayang'ana. Anati ayi. Ngati ndinawakhudza. Anatinso ayi, monyinyirika. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndiye apongozi anakonza kukhosi.

"Koma achimwene, chipongwe chimene ndaona ine sichinaonekepo. Nkhono zija zinamudyera kabudula kumbuyo, ndipo munthu ameneyu wandilozetsa thako kuyambira pansi pa nyanja mpaka pamtsinje apa. Ine mayi womuberekera mkazi!"

Anthu anati haa. Ndinamva Elube akuyamba kulira, ndinamva wina akunyamula bulangete. Ndinagwira kumbuyo kwanga: zoona, mphepo ikulowa. A Mulimba anakoka fodya wamphuno, kuyetsemula, n'kufunsa mofatsa ngati munthu wofuna kuti mlandu ukhwime bwino.

"Pepani achemwali. Chibowocho chinali mbali iti?"

"Kumanzere."

"Chachikulu?"

"Ngati chikhatho changachi. Palinso chipsera cha moto, chooneka ngati tsamba la mbatata."

"Ooh. Tsono inu, mkamwini wanu munamupenyetsetsa chotere ndi maso a yani?"

Kulira kwa Elube kunadukira pomwepo. Mayi wophunzitsa mudzi wonse mwambo, namkungwi wa atsikana onse a kumeneko, wapenyetsetsa thako la mkamwini mpaka kuloweza chipsera! Apongozi akuti anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anati, "Inandiuza ndi nkhuku." A Mulimba anati mboniyo iitanidwe. Mboni tinadya. Mlandu unathera pomwepo, Elube anamasula luzi ndi mano n'kulowetsa bulangete m'nyumba, thilakitala inachira chifuwa tsiku lomwelo n'kusintha msewu, ndipo apongozi anga, Mulungu awasunge kumene ali, anakhalanso zaka makumi awiri osatchula dzina langa kuchitsime, koma sabata yake yomweyo ananditumizira kabudula watsopano kudzera mwa bakha.

Mukuti chiyani inu a kalaliki a pasikelo, ndi cholembera chanu kukhutuko? Nenani mokweza, anthu amve nzeru za Fomu Folo. Mukuti ngati ndinali chofulatira, ndinadziwa bwanji kuti duku linapendekera ndipo pamphuno panali kankhanu? Zamkutu! Funso la munthu amene sanagwirepo ntchito kapitawo ali kumbuyo kwake. Wotchola tiyi aliyense muno akuuzani kuti msana uli ndi maso, umaona kapitawo akadali kuseri kwa phiri, umaona ndi chimene wadya m'mawa. Mukutinso chiyani? Kuti ngati msana unaona ndiye kuti apongozi ndinawayang'ana? Tsitsani mawu, bambo inu! Simukuona kuti amene akubwera ndi ambulera apoyo ndi Elube? Mukufuna ndikayambe kufuna malo ku Mphuka ndi imvi zino? Zopusa basi. Msana wanga ndi wolangidwa bwino: unaona utatsinzina.